Kompyuta Yokwera Ngolo

Senga Bay, Salima
9 Febuluwale 1997

Wokondedwa mlongo wanga, amake Kettie,

Ndili ndi chimwemwe chodzaza tsaya polemba kalata ino. Kaya inu muli bwanji ku Joniko? Ife kuno tili bwino, kupatula alamu anu amene dzino likuwasowetsa mtendere, ndi mbuzi yamawanga ija imene inadya jumbo n'kutisiya.

Nkhani ndi iyi. Loji imene ndimaperekerako zakudya yagulidwa ndi munthu wina, Bwana Robert, mnyamata wa ku Lilongwe wophunzira kunja. Atangofika anabweretsa kompyuta. Mlongo wanga, chinthu chimenechi sindinachionepo chibadwire. Chinabwera m'makatoni atatu, ndipo anyamata anayi anachita kutuluka thukuta pochitsitsa. Chikayaka chimalira ngati firiji, alendo n'kumachipatsa ulemu.

Tsono bwanayo akufuna mtsikana wa pa risepishoni, woti azilemba maina a alendo m'makinawo. Adzayesa atsikana mu Seputembala. Ine monga munthu wodziwika ndinamutchulira mwana wanu Kettie, ndipo anati abwere, bola zala zake zikhale zoidziwa kompyuta. Vuto ndi lakuti kuno yophunzirirapo kulibe, ndipo ya bwanayo saikhudza munthu.

Musaiwale kuti chimalizireni Fomu 4, Kettie akungoyanika usipa wa eni pathandala. Pali mkulu wina wa maboti, wa akazi awiri kale, amene wayamba kundipatsa moni pafupipafupi. Inu mukudziwa tanthauzo la moni wotere. Ine monga malume wake wa mwana, mwini mbumba, ndamuuza kuti adikire mpaka Seputembala. Ntchitoyo ikadzakanika, sindidzakhalanso ndi chomuyankha.

Pomaliza, dziwani kuti tsopano ndine wachiwiri kwa wapampando wa chipani m'dera lino. Chisankho cha makhansala chikadzafika, chimene akungochikankhira kutsogolochi, anthu akuloza ine. Koma khansala sangaime pamsonkhano ndi malaya a kuloji. Mukaona jekete yakuda ya mabatani atatu, mundikumbukire.

Ndine mlongo wanu,
Jameson Kamphinda
Wachiwiri kwa Wapampando

*

Johannesburg
12 Malichi 1997

Achimwene,

Kalata yanu ndalandira, ndipo ndathokoza Mulungu kuti nonse muli moyo. Pepani za mbuzi. Alamu muwatengere kuchipatala, dzino silichira ndi misonkhano ya chipani.

Za mkulu wa mabotiyo, kamuuzeni asiye kukupatsani moni. Ine sindinathyoke msana kukolopa nyumba za eni kuno kuti mwana wanga akakhale mkazi wachitatu wa munthu wa msinkhu wanu.

Tsono mverani bwino. Adona amene ndimawagwirira ntchito apatsidwa kompyuta yatsopano kuofesi kwawo. Yakale ija, imene sinagwire ntchito nthawi yaitali, anafuna kuigulitsa. Ndinawagwadira. Tagwirizana kuti chaka chino sandigulira tikiti yobwera kumudzi pa Khirisimasi, koma andipatsa kompyutayo. Ndiye kuti chaka chino simundiona. Zinandiwawa, pakuti papita nthawi ndisanaone nkhope ya mwana wanga, koma ndasankha ndekha.

Adona akuti ndi yamphamvu, mwina kuposa ya kuloji kwanuko, ndipo m'kati mwake muli maphunziro a kutayipa. Ndidzapatsira a Saidi, oyendetsa thiraki aja a kwathu konko, amene adutsa ku Senga Bay kumapeto a Meyi. Pansi pake ndalembapo dzina la Kettie ndi penti wofiira wa m'zikhadabo, kuti aliyense adziwe mwini wake.

Jekete idikire. Mukadzapambana ndidzakugulirani ndi tayi yemwe.

Mlongo wanu,
Margret

*

Senga Bay
6 Epulo 1997

Wokondedwa kwambiri mlongo wanga,

Moni wochuluka ngati usipa wa mu Okutobala. Kuno tonse tili bwino. Dzino la alamu anu linachoka lokha, choncho boma silinavutike nalo.

Mawu anu aja akuti "yamphamvu kuposa ya kuloji" ndinawawerenga mobwerezabwereza, kenaka ndinakawawerenga pamsonkhano wa chipani pansi pa mkuyu. Mukanaona! Abambo m'manja, amayi nthungululu. Ndinawauza kuti chitukuko chimene ena akhala akulonjeza ndi pakamwa chiyambire matipate, ine ndikubwera nacho pa ngolo.

Ndakhala pansi n'kuganiza mozama. Injini ya boti ikakhala yamphamvu imalemeranso, izi n'zosafuna sukulu. Ngati ya Bwana Robert inatsitsidwa ndi anyamata anayi, yanuyo ifuna asanu ndi atatu. Ndawapeza kale, onse a chipani chathu, pakuti sindikufuna otsutsa adzanene kuti anagwirako.

Zokonzekera zili motere. Kalipentala wakhoma tebulo la mlombwa la miyendo isanu ndi umodzi. Ndinakapima makatoni a kuloji ndi chingwe, n'kupeza kuti pakhomo pathu sangalowe, ndiye tagumula khomo la pabalaza n'kulikuza. Chitseko chakale chachepa. Pakadali pano tikutseka ndi mphasa, udzudzu ukulowa mwaufulu, koma ino ndi nthawi ya ufulu. Ngolo ya ng'ombe ziwiri ichokera ku Maganga. Amayi a chipani apeka nyimbo, ndipo dzina lanu lilimo, ngakhale langa likumveka kawiri chifukwa cha kayimbidwe.

Mundiyankhe msanga ngati anyamata asanu ndi atatuwo akwanira, komanso ngati makinawo amadana ndi dzuwa, kuti tipeze lona.

Mkulu wa maboti uja ndamuuza mawu anu. Moni wachepetsa, koma chambo akutumizabe, ndipo kubweza chambo cha munthu ndi mwano.

Ndine,
J. Kamphinda
Khansala Woyembekezera

*

Johannesburg
28 Epulo 1997

Achimwene,

Moni nonse. Kalata ino sindikuiponya pa positi. Ndapatsira mayi wina amene akukwera basi mawa kupita ku Salima, kuti ikupezeni msanga.

Chonde imani kaye! Bwezeretsani khomo lija, ng'ombe za eni zisiyeni zidye msipu ku Maganga. Kompyutayi ndi yaing'ono. Kukula kwake ndi ngati thireyi yoperekera tiyi, imapindika ngati buku, ndipo Kettie akhoza kuinyamula kukhwapa. Kuno amaitcha laputopu, amaiika pamiyendo pogwiritsa ntchito.

Musaone kuchepako. Kuno mabwana akuzithawa zikuluzikuluzo, aliyense akufuna imene angapite nayo kulikonse. Ndipo chachikulu ndi ichi: iyi ili ndi batire. Kunyumba kwanuko kulibe magetsi. Muzipita nayo kuloji m'mawa n'kuitchaja pamene mukugwira ntchito, pobwera Kettie aziphunzirirapo. Ikanakhala yaikulu sindikanaitenga n'komwe, ikanangokhala chokongoletsa pabalaza.

Anyamata asanu ndi atatuwo muwauze akathandize alamu kukolola.

Margret

*

Senga Bay
2 Juni 1997

Amake Kettie,

Moni ndikukupatsani chifukwa ndine Mkhristu.

Ndinakulemberani mu Epulo kufunsa za anyamata ndi lona, inu osayankha. Tsopano ndadziwa chifukwa chake. Munali ndi manyazi, ndipo manyaziwo mwawatumiza kwa ine pa thiraki.

Loweruka lapitali tinakadikira a Saidi pamsewu, pafupi ndi msika. Ngolo inalipo, ng'ombe titazimangirira nsalu za chipani m'nyanga. Anyamata analipo, amayi a nyimbo analipo, ngakhale anthu amene sindinawaitane analipo. Thiraki itaima, amayi anayamba nyimbo. A Saidi anasuzumira pawindo.

"Salaam aleikum, a Jameson. Kodi kuli ukwati?"

Ndinati, "Ukwati wa chitukuko, a Saidi. Tsegulani kumbuyoko anyamata ayambepo."

Iwo anapisa dzanja kuseri kwa mpando n'kutulutsa kachikwama kakuda, konga ka mwana wa sukulu. "Katundu wanu ndi ameneyu."

Ndinaseka, poganiza kuti ndi nthabwala za madalaivala. "Izi ndi zingwe zake. Mwini wake ali kuti?"

"Wallahi, kumbuyoku kuli feteleza wa eni. Chimene anandipatsa achemwali anu ndi chomwechi."

Nyimbo inafera pakati, pa dzina langa penipeni.

Mlongo wanga, ngolo imene yachoka ku Maganga anthu akuona singabwerere yopanda kanthu. Choncho tinayala mkeka pakati pa ngoloyo n'kukhazikapo kachikwamako, anyamata asanu ndi atatu akutsatira pambuyo manja ali lendelende. Tikudutsa pamsika, mkulu wina wa chipani chotsutsa, wogulitsa mabatire, anakuwa kuti, "Pang'onopang'ono a Khansala, ng'ombe zingathyoke msana!" Msika wonse unagwa nacho chiseko. Ngakhale amayi a chipani changa ndinawaona akubisa nkhope m'zitenje, mapewa akugwedezeka.

Titafika kunyumba, pakhomo lija ndinagumula ndi manja anga, Kettie analowa nako ndi dzanja limodzi. Pa tebulo la miyendo isanu ndi umodzi kakuoneka ngati buku la nyimbo loiwalika m'tchalitchi. Lero ndikadutsa, ana akundiitana kuti "a Thireyi," ati ndinakweza thireyi pa ngolo. Ine, munthu amene anthu anali kuloza!

Ndikufunseni mwachifatse. Kodi adona anuwo anakupatsani mwana wa kompyuta n'kusunga make? Kapena zina zinatsalira pachipata cha Mwanza? Mwataya ulendo wa Khirisimasi chifukwa cha kanthu koti mphepo ya mwera ikhoza kukaulutsa. Akupusitsani, ndipo inu mwapusitsa ine pamaso pa ovota.

J. Kamphinda

*

Senga Bay
22 Juni 1997

Amayi anga okondedwa,

Muli bwanji? Ine ndili bwino, ndipo ndakusowani kwambiri. Kodi chifuwa chija chinasiya? Kumeneko akuti kukuzizira, muzivala juzi.

Amayi, ikugwira ntchito! Nditaitsegula koyamba, galasi lake linawala. Kenaka ndinaitembenuza n'kupeza dzina langa pansi pake, m'malembedwe anu, K wake wopendekeka uja. Ndinalira.

Kalata yanu ya mu Epulo yafika dzana. Mayi amene munawapatsira, mwana wawo anadwala ku Dedza, ndiye anakhalitsa kumeneko. Amalume aiwerenga, koma akuti mwailemba mochenjera pofuna kubisa kulakwa. Zoti azipita ndi kompyutayi kuloji akana, akuti sangaonekenso nayo pamsewu. Choncho ndimaikulunga m'chitenje n'kupita nayo ndekha m'mawa, ndipo amayi ochapa zovala kulojiko amandilola kuitchaja pamene amasitira. Masana ndimakhala nayo pansi pa mango kuseri kwa nyumba mpaka batire itatha.

Maphunziro a kutayipa aja ndi okoma. Poyamba ndinkasaka chilembo chilichonse ngati ndikutola nsabwe, koma tsopano zala zayamba kupita zokha. Ndimapeka maina a alendo n'kumawapatsa zipinda. Dzulo ndinagoneka Mayi Margret Kamphinda m'chipinda choyang'ana kunyanja, sabata yathunthu, osalipira.

Lachitatu Bwana Robert anandipeza kochapira ndikuitchaja. Anainyamula, kuitembenuza, kuitsegula, kuitsekanso. Amaiyang'ana ngati mmene amalume amayang'anira jekete za anthu. Anati yawo ija imawamangirira pa desiki ngati mbuzi pachikhomo, n'chifukwa chake akufuna munthu woti azikhalapo iwo akapita ku Lilongwe. Kenaka anandiuza kuti nditayipe akuona. Nditamaliza anati, "Ukapitiriza chonchi, Seputembala usamuope."

Amayi, ndikulimbikira. Kwa mkulu wa maboti uja sindikufunako. Akazi ake awiri ndimayanika nawo usipa, ndipo sindinawaonepo akuseka.

Mwana wanu,
Kettie

*

Senga Bay
20 Julayi 1997

Wokondedwa mlongo wanga,

Moni wa chimwemwe! Mawu owawa a m'kalata yapita ija muwaiwale, ndakukhululukirani. Kulakwa kumene munachita ndakukonza, ndipo simuyenera kundithokoza kwambiri.

Nditamva kuti Bwana Robert anakasirira kanthu kanu kaja, nzeru zinandibwerera. Ndinapita ku ofesi kwawo n'kunena kuti, "Bwana, tisinthane. Inu mutenge kakang'onoko, ine nditenge yaikuluyi." Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikhulupirira anadabwa kuona woperekera zakudya wodziwa malonda chotere.

Anati, "A Kamphinda, mukudziwa chimene mukuchita? Mwini wake wavomera?"

Ndinati, "Bwana, kwathu kuno mwana ndi wa malume. Mwini mbumba ndine, ndipo chilichonse cholowa m'mbumba chimadzera kwa ine."

Anafunsanso ngati kunyumba kuli magetsi. Ndinawauza kuti za magetsi ndi nkhani ya ndale, aisiye m'manja mwa andale. Pamenepo anavomera msangamsanga, mwina poopa kuti ndingawaonjezere zina.

Mlongo wanga, pa kanthu kamodzi ndapeza zinthu zitatu: chiwailesi chakanema chake, chibokosi cholira chija, ndi thabwa la zilembo, osawerengera zingwe zodzaza thumba. Ndinaitanitsanso ngolo ya ku Maganga. Ulendo uno ng'ombe zinadziwa kuti zanyamula katundu. Tinadzera dala pamsika, ndipo ndinauza woyendetsa kuti aime pang'ono pamaso pa wogulitsa mabatire uja, ngati kuti goli lamasuka. Iye anangoweramira mabatire ake. Amayi anaimba nyimbo ija mpaka kumapeto, dzina langa kawiri.

Pakhomo inalowa mothinana ndithu, moti amene ankati ndinagumula khomo pachabe anachita manyazi. Tebulo ladzaza. Alamu anu aluka nsalu yoyera yovundikira, pamwamba taikapo maluwa a pulasitiki. Anthu akuchokera mpaka ku Chitala kudzaona, ndipo amavula nsapato polowa popanda wowauza. Dzina lija la Thireyi latha. Tsopano akuti "a Kompyuta."

Za magetsi musade nkhawa. Ndaziika poyambirira pa mfundo zanga, ndipo ndikangolowa ukhansala mapolo afika pakhomo pano. Pakadali pano Kettie akhoza kuphunzira pa thabwa la zilembolo, pakuti zilembo zake ndi zomwezija, ndiponso zikuluzikulu zooneka bwino. Mwanayo wakhala akulira ndi kukana kudya, koma ndi chibwana. Adzandithokoza akadzakula.

Popeza tsopano alendo achuluka pakhomo, nkhani ya jekete ija yafika povuta.

Ndine,
J. Kamphinda
Khansala Woyembekezera, Mwini Kompyuta

*

Johannesburg
11 Ogasiti 1997

Achimwene,

Moni ndilibe.

Ndawerenga kalata yanu nditaimirira, ndipo ndinachita kugwira khoma. Adona anandifunsa ngati kwathu kwagwa maliro. Ndinati ayi, koma sindinadziwe kuti ndiwafotokozere bwanji kuti mlongo wanga wasinthanitsa chinthu chamoyo ndi mtembo chifukwa mtembowo ndi wonenepa.

Umwini mbumba umene mukuunenawo ndi woti muziteteza mwana, osati kumulanda. Pansi pa kompyuta ija sindinalembepo Jameson. Sindinalembepo chipani. Inu mwakhala mukuperekera zakudya zaka zonsezi, simunaone kuti bwana akavomera msanga ndiye kuti wopusa si iyeyo?

Mapolo a magetsi mukuwanenawo adzafika Seputembala asanakwane? Mwana atayipa bwanji osaona chimene akulemba?

Mawa lomwe mubwereke ngolo yanu yokondedwayo, mukweze chimtembocho, mukachibweze kumene munachitenga. Mukagwade ngati mmene ndinagwadira ine kuno. Anthu akaseka, asekeni nawo, kusekedwa sikupha. Mukapanda kutero, dzina langa mulichotse m'nyimbo yanu ija, ndipo jekete mudzaivala ya m'bokosi.

Margret

*

Senga Bay
3 Seputembala 1997

Amake Kettie,

Moni. Tili bwino, kaya inu ndi ukali wanuwo.

Mawu anu ndawamva, koma mwakhalitsa kunja, mwaiwala za kwanu. Katundu amene walowa m'nyumba ndi nthungululu, anthu a ku Chitala n'kudzamuona, sangatulukenso masana pa ngolo. Ndingadutse naye bwanji pamsika? Kumeneko ndiye kupereka mpando kwa otsutsa ndi manja awiri.

Komabe, pofuna mtendere, ndinakawafunsa Bwana Robert mwakachetechete. Akuti zosinthana zinatha, ndipo ntchito zawo zonse anazisamutsira kale m'kanthu kaja. Ndiye mukuona kuti si ine wokana.

Chisankho achikankhiranso kutsogolo. Tipirire.

J. Kamphinda

*

Senga Bay
21 Seputembala 1997

Amayi,

Muli bwanji? Ine moyo ulipo.

Ndikudziwa kuti mukudikira za ntchito ija, ndiye ndisakuzungulitseni.

Chichokereni kompyuta yanga sindinasiye kuphunzira. M'mawa uliwonse, alendo oona asanayambe kufika, ndinkavundukula nsalu ija, kusuntha maluwa, n'kumatayipa pa thabwa la zilembo. Pagalasi sipankaoneka kanthu koma nkhope yanga. Ndikalakwitsa sindinkadziwa, ndikakhoza sindinkadziwa. Ndinkangoti zala zisaiwale njira.

Lolemba ndinavala bulauzi yoyera imene munanditumizira chaka chatha, n'kupita kuloji. Pa risepishoni ndinapeza desiki ili mbee, pali kabelu koitanira kokha. Bwana Robert anali panja pa kakhumbi ka udzu, atatambalala, kompyuta yanga ili pamiyendo pawo. Atandiona anachita ngati akufuna kubisala.

"Kettie, pepa," anatero. "Ntchito ija kulibenso."

Ndinafunsa ngati apeza wina wondiposa.

"Ayi, palibe amene ndamuyesa. Ndinkafuna munthu chifukwa chimakina chija sichinkachoka pa desiki. Koma aka ndimayenda nako. Alendo ndimawalemba ndekha ndili ku Lilongwe, ndili m'galimoto, ndili pano. Wokhala pa desiki sakufunikanso. Chatsala n'kupereka makiyi basi, ndipo zimenezo ndawapatsa amalume ako."

Ndinatembenuka, n'kuona amalume ataima pakhomo la risepishoni, mulu wa makiyi uli m'manja. Amayi, avala jekete. Bwana awagulira kuti azioneka bwino polandira alendo. Ndi yakuda, ya mabatani atatu. Anandikwezera dzanja ngati ali pamsonkhano.

Bwana Robert anati akadzamva za ntchito kwina adzandiuza. Kenaka anaitseka kompyuta ija, kuiika kukhwapa, n'kumapita ku galimoto yawo. Mmene anainyamuliramo, pansi pake panayang'ana kwa ine. Dzina langa likadalipo, amayi. Penti wanu ndi wolimba, sanafufutike ngakhale pang'ono.

Dzulo kunabwera anthu a mkulu wa maboti uja. Anati Seputembala amene anauzidwa kuti adikire uja wakwana. Amalume anawalandirira pabalaza, atavala jekete ngakhale kunali kotentha, ndipo anawavundukulira kompyuta kuti aione. Alendowo anaiyamikira kwambiri. Anati mtsikana wochokera m'nyumba ya chitukuko chotere ndi wofunika kumusamala. Ine sindinavomere, komanso palibe amene wandifunsa.

Agwirizana kuti chinkhoswe chidzakhale pa Khirisimasi, kuti amake mwana adzakhalepo. Palibe amene anakumbukira kuti chaka chino simubwera, ndipo ine sindinawakumbutse. Tikiti yanu ndinaiona ndi maso anga Lolemba lija, ili kukhwapa kwa Bwana Robert, ikukwera galimoto kupita ku Lilongwe.

Mundiyankhe pa positi, amayi. Musapatsire munthu.

Mwana wanu,
Kettie